Chikwama pa Benchi Lakutsogolo

Nyimbo ili pakati, mtsikana uja anaima pakhomo la tchalitchi, mwana ali m'manja. Mwanayo anali wa malemu bambo, amuna ake a mayi wamasiye wa pa benchi lakutsogolo. Makutu otambalala aja sakanabisika.

Mayi wamasiye anamva kwaya ikumka kutali, ngati ikuimbira pansi pa madzi. Fumbi linkayandama m'kuwala kwa pawindo, lopanda kopita. Mabenchi onse anali odzaza. Malo anatsala amodzi okha, pambali pake, pomwe amuna ake ankakhala. Chimwalirireni iwo, pankakhala chikwama chake.

"Musatembenukenso, asisi," ananong'ona akazi a abusa. "Tonse tili mbali yanu. Aime pompo, aphunzire."

Mawuwo anali okoma. Azimayi omwewa ndiwo anamugwira mkono kumanda.

"Ambuye," anatero mumtima, akukukuta mano, "wosekedwa pamsika ndinali ine. Lero mukufunanso benchi langa?"

Anayang'ana pamtanda. Fumbi lokha linkatsika.

Ananyamula chikwama nachiika pamiyendo.

"Iwe," anaitana mokweza, nkhope ili gwa. "Ukudikira ndani? Bwera, mwanayo akulemera."

Akazi a abusa anasendera uko, benchi n'kulira.