Mbaula M'balaza pa Tsiku la Kwaya

Panali munthu wina ku Lillehammer, dzina lake Torleif Brekke, mphunzitsi wopuma ntchito amene ankatsogolera kwaya ya azibambo asanu ndi atatu. Kwayayo inali itasankhidwa kukapikisana ku Bergen, ndipo Torleif sankagwirika ndi chimwemwe. Loweruka lina mu Januwale anaitana anzakewo kunyumba kwake kuti adzakonzekere komaliza.

M'mawa wa tsikulo makina otenthetsera nyumba anangolira kawiri n'kuzima. Panja chipale chofewa chinali cholekeza m'mawondo. Pofika teni koloko, munthu akapuma m'balaza mpweya unkatuluka ngati utsi.

Mkazi wake, Gunvor, anaimbira foni mmisiri.

"Mayi, lero tauni yonse ikundifuna," anatero mmisiriyo. "Ndifika mawa masana. Bwerekani hita yamagetsi, valani zokhuthala. Koma chonde musayatse chilichonse cha makala m'nyumbamo."

"Mwamva, bambo?" anatero Gunvor. "Auzeni anzanuwo mukaimbire kwa a Halvard."

"Kwa Halvard? Kuti tizikapikisana ndi agalu ake aja? Amisiriwa amangoopseza anthu. Ine makala ndinayamba kuwadziwa iyeyo asanabadwe."

Gunvor anapukusa mutu, n'kukwera galimoto kukabwereka hita kwa mng'ono wake kutsidya kwa nyanja. Atangotuluka pageti, Torleif anathamangira kugalaja. Anatulutsa mbaula yowotchera nyama, n'kuiyatsa panja mpaka utsi wonse utatha. Kenako anailowetsa pakati pa balaza, n'kutseka mipata ya zitseko ndi mataulo kuti kutentha kusathawe.

Anzake atafika anachita kuwomba m'manja.

"Koma mdala uyu ndi dolo," anatero Halvard, akuvula magolovesi. "Tikanadziwa tikanabwera ndi masoseji."

Nyimbo yoyamba anaiimba mokoma kuposa masiku onse. Torleif ankachita kudumphadumpha. "Chikho n'chathu, anyamata! A ku Bergen akalira."

Pa nyimbo yachiwiri Halvard anaiwala mawu.

"Aise, dzulo unamwa chiyani?" anafunsa Sverre, woimba besi, onse n'kuseka. Koma posakhalitsa Sverre yemweyo anayamba kugwira pachipumi. "Mutuwu ukundiwaza. Miyendonso ikukana."

"Ndi ukalamba umenewo, imba," anatero Torleif. Komatu nayenso mkono wotsogolera uja unali utalemera ngati wanyamula njerwa. Anaganiza kuti ndi kutopa chabe. "Chabwino, tipume pang'ono."

Aliyense anapeza pokhala. Mmodzimmodzi anayamba kuwodzera.

Gunvor pobwera anaima pakhomo, hita ili m'manja. Azibambo asanu ndi anayi m'nyumba, koma kuli zii. Chitseko chinalimba chifukwa cha mataulo aja, mpaka anachita kuchikankha ndi phewa. Anaona mbaula ili psuu, anthu ali lambalamba m'mipando, Sverre atagwera pansi.

Sanataye nthawi n'kulira. Anatsegula mawindo onse, anagwira mbaula ndi mataulo omwewo n'kuikokera panja. Anaimbira ambulansi, foni ataipana paphewa, uku akumenya mwamuna wake mbama.

"Dzukani, bambo! Tulukani!"

Amene ankatha kukwawa anakwawa. Gunvor anakoka Sverre miyendo, mothandizana ndi mayi woyandikana naye nyumba. Kunabwera maambulansi anayi.

Onse anapulumuka, ngakhale Sverre anagonekedwa masiku asanu. Dokotala anauza Torleif maso ndi maso: "Mpweya wa makala suoneka, sununkha. Umangokugoneka. Mayiwa akanachedwa mphindi makumi awiri, bwenzi tikukamba zina."

Ku Bergen sanapite. Mmisiri uja anabweradi Lamlungu masana, anasintha kachitsulo kochepa ngati chala, nyumba n'kufunda khofi asanazizire m'kapu.

Torleif atatuluka m'chipatala anapita kuwodi ya Sverre kukapepesa. Anapeza mkazi wa Sverre, mayi Oddny, atakhala pambali pa bedi. Torleif anavula chipewa.

Mayiwo anamuyang'ana, kenako anati, "A Brekke, mwamuna wanga ndinakupatsani kuti adzaimbe nanu, osati kuti mudzamuimbire pamaliro."

Phunziro: Makina otenthetsera nyumba akafa, kuzizira kwa tsiku limodzi sikungafanane ndi moyo. Osalowetsa mbaula m'nyumba yotseka, ngakhale utsi utatha. Wodziwa ntchito akakuchenjezani, mverani. Tumizirani abale ndi anzanu uthengawu lero, kusanazizire kwawoko.