Yunifolomu ya Lines

"Lines, siya mbalezo, bisala," ananong'oneza mayi Mpinganjira pouza mtsikana wawo wantchito. Foni ya vidiyo inkalira nthawi ya sukulu. Ankaimba ndi Ursula, mwana wawo wokhala ku Mangalande, womenyera maphunziro a atsikana.

"Amayi, mawa atolankhani akubwera kwanuko ku Nkolokosa kudzajambula Lines akupita kusukulu. Kuno aliyense ndimamuuza kuti tinamutenga kumudzi kuti aziphunzira."

"Abwere, mwanangu," anayankha mayiwo.

Atadula foni, anathamangira kuchipinda n'kutulutsa yunifolomu imene Ursula anatumiza kalekale, ikadali m'pulasitiki mwake. Anamuveka Lines, koma mtsikanayo anali atakula ndipo mabatani anakana kutseka.

"Ndikamalize mbale zija, amayi?" anafunsa Lines.