Chithunzi cha Nyumba Nambala 47

"Za madandaulo a nyumba tinatseka kale, mama," anatero Diana, kalaliki wa kampani yomanga msewu, osadzutsa n'komwe mutu.

"Sindinabwerere zimenezo," anayankha Nyamhango. "Ndikufuna chithunzi cha amuna anga."

Chaka chatha, asanayambe kuphulitsa miyala ku Njakwa, anthu a kampaniyo anayenda khomo ndi khomo kujambula makoma, kuti mawa wina asadzanamizire mabomba mng'alu wakale. Amuna ake, a Chirambo, atamva za kamera anameta ndevu n'kuvala jekete la kutchalitchi. Anamwalira mu Juni osasiya chithunzi n'chimodzi chomwe, ndipo tsopano ana ankafuna nkhope yoika pachiliza.

Diana anatsegula fayilo. "Nyumba nambala 47?"

"Yomweyo. Anaima nthawi yaitali, wojambulayo akuwauza kuti asagwedezeke."

Diana anasolola chithunzicho n'kuchiyang'ana. Panali khoma la njerwa, mng'alu wotsika kuchokera pawindo, ndi rula yoyezera. M'mphepete munkaoneka zala zinayi zogwira rulayo ndi kansonga ka mkono wa jekete.

"Pepani, mama. Iwo ankangofuna mng'aluwo."

Nyamhango anachiyandikitsa kumaso. Chikhadabo cha chala chapakati chinali chakuda, chija chinaphwanyidwa ndi njerwa pomanga khoma lomwelo.

"Ndi iwowa," anatero, n'kuthokoza m'Chitumbuka. "Yewo chomene, mwanawe. Uli ndi envulopu? Kunja kukuwaza, angandinyowere."