Kaya Inu

Kabokosi ka chipatala kali m'nyumba, pakhoma pafupi ndi chitseko. Kamafunsa kamodzi m'mawa uliwonse. Ukanena chomwe chikukupweteka, kamagwetsa mapiritsi. Ukati uli bwino, kamatseka mpaka mawa.

Nangondo anawaimika amuna ake, a Mbendera, patsogolo pa kabokosiko. Mapazi awo anali atatupa, nsapato anasiya kuvala.

"Bambo a Tiyese, munene kuti kunkhongo kukugunda. Munene za chizungulire. Kadziwa kokha kuti magazi akuthamanga. Za ulemuzo musiye."

"Ndamva."

Kabokosi kanayaka. "Mwadzuka bwanji, a Mbendera?"

A Mbendera anavula chipewa.

"Ndadzuka bwino, kaya inu?"

"Zikomo," kanatero, n'kuzima.

Nangondo sanakalipe. Anakalipa kale masiku oyamba. Analowa kukhitchini, n'kukankhira chitini cha mchere kuseri kwa mbale. Lero ndiwo zikhalanso zopanda mchere.

Atatuluka anawapeza pakhonde, atatsinzina, dzanja lili kunkhongo.

"Munthu akukupatsa moni," iwo anatero, "iwe n'kuyamba ndi matenda?"

Nangondo anakhala pansi pambali pawo.

"Nanga mutuwo?"

"Uli bwino."