Mutu wa Simenti

"Mutuwu tichotsa, achimwene," anatero wosema ziboliboli kuuza mnyamata wina, uku akupukuta manja pa ovololo. "A komiti aganizanso. Akuti nkhope ikuliza anthu odutsa, ndiye akufuna nkhunda."

Mnyamatayo anayang'ana chipilala chokumbukira anthu amene anapsa ndi moto m'fakitale. Nkhope ya pamwambayo inali yake. Mphwake anafera m'motomo osasiya chithunzi chooneka bwino, ndipo poti ankafanana ngati mapasa, wosemayo anatengera kwa iye.

"Kodi m'fakitale muja munapsa nkhunda?"

"Ine ndimangosema, sindifunsa."

Tsiku la motolo, mphwakeyo anakagwira ntchito m'malo mwake, iye atagona ndi matsire. Chiikire maliro, mayi ake sanamuyankhulenso. Koma m'mawa uliwonse mayiwo ankabwera pachipilalapo, n'kupukuta masaya a simentiwo ndi nsonga ya nsalu, uku akuiuza nkhopeyo za mwendo wotupa ndi denga lodontha. Iye ankabisala kuseri n'kumamvetsera. Mawu a mayi ake ankawamvera pamenepo basi.

Wosemayo atadula mutuwo, anamupatsira. "Tengani, ndi wanu womwe."

Anaunyamula pachifuwa mpaka kunyumba, manja ali dzanzi. Mayi ake atatsegula chitseko, nkhope yawo inawala.

"Wabwera, mwanangu? Wadya koma?"

Mnyamatayo anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma mayiwo anali atamulanda kale mutuwo. Anakaukhazika pampando umene mnyamatayo ankakhalapo pakudya, n'kuupukuta fumbi la m'njira.