Waya wa Bambo Anghel Unathyokera mu Loko

Panali munthu wina mumzinda wa Brasov dzina lake Anghel, mmisiri wa maloko, nkhutukumve wotheratu. Mwana wake wamkazi, Ilinca, ndiye anamuikira malonda pa intaneti, kuti anthu akalemba "wotsegula maloko" aziona nambala yake.

"Bambo, mawuwa tiwatsekere m'mabulaketi, timipanda ta m'zolemba tija," anatero Ilinca. "Akatsekeredwa, malonda amaonekera okhawo amene alemba zimene mumachita. Mukawasiya otayirira, makina amakugwirizanitsani ndi aliyense wotchula chitseko, ngakhale mbava."

"Iwe, ndinayamba kutsegula maloko usanamere mano. Chotsa timipanda takoto, foni izilira!"

Ilinca anachotsa. Foni inayambadi kulira, mkuluyo n'kumayenda chonyada. Paja mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Lamlungu lina anaimba bambo wina waulemu kwambiri. Anati wataya kiyi, ndipo anapempha kuti akumane mawa lake masana. Anghel anam'peza pakhomo la nyumba yam'mwamba, atavala jekete yabwino, maluwa ali m'manja. Sanam'funse chiphaso. Anagwada n'kulowetsa waya wake mu loko.

Foni inalira. Anali Ilinca.

"Bambo, musayankhe kanthu, ingomvani. Ndaona mndandanda wa zimene anthu analemba asanakupezeni. Dzulo anadina malonda athu munthu mmodzi yekha. Analemba kuti, 'kutsegula chitseko cha mkazi amene anandithawa, atasintha loko.' Ndiye anakuimbirani uja."

Kuseri kwa chitseko Anghel anamva kamwana kakulira, kenaka kulirako kunaduka ngati wina wakatseka pakamwa. Loko inali itatsala pang'ono kugonja.

"Amisiri, bwanji mwaima?" anafunsa bambo uja ali kumbuyo kwake. "Malizani. Madamu akudikira maluwa."

"Ukalambatu uwu, achimwene. Ndipo lokoyi ndi yamakani ngati apongozi."

Bamboyo sanaseke. Anasendera pafupi mpaka Anghel anamva mpweya wake pakhosi. Mantha anam'gwira zedi, koma anakankha waya uja mpaka mkati, n'kuupinda ndi mphamvu zake zonse. Thyo! Unathyokera momwemo. Tsopano ngakhale kiyi weniweni sakanalowa.

"Wachita dala, galu iwe!"

Maluwa anagwa pansi. Pakati pawo panali mpeni, ndipo bamboyo anausolola. Anghel anatchinga nkhope ndi dzanja lamanja, mpeniwo n'kum'tema zala, iye akukuwa kuti, "Mayi, musatsegule! Itanani apolisi!" Anthu oyandikana nawo anatuluka, ndipo munthuyo anagwidwa pamasitepe.

Mayiyo ndi mwana wake anapulumuka. Koma zala zitatu za Anghel zinauma, sizigwiranso waya. Ali m'chipatala anauza Ilinca chapansipansi kuti, "Bwezera timipanda tija."

"Tibwezere za chiyani, bambo?" anatero Ilinca akulira. "Atsegule malokowo ndani?"

Phunziro: Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale akhale mwana wako. Ukaika malonda pa intaneti, usasiye mawu otayirira. Atsekere, letsa amene sukuwafuna, ndipo uziwerenga zimene anthu analemba asanakuimbire, chifukwa makina sadziwa mtima wa munthu. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense wochita malonda, foni yake isanalire.