Mlatho wa kwa a Gabrieli

"Zitsulo zalowanso m'chipilala!" anadandaula Jacinta, koma muofesi yake ya ku Cuamba munalibe womumva. Linali Lamlungu.

Pa kompyuta, zitsulo za mlatho watsopano zinkamira m'chipilala cha simenti ngati m'phala. Chipilalacho n'chokhacho chinatsala pamene mlatho wopita kwawo ku Ngauma unaphulitsidwa pa nkhondo. Jacinta, injiniya wobadwira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ntchitoyi anachita kuipempha yekha. Mvula ikayamba mtsinje unkadzaza, ndipo ankatha miyezi osawaona bambo ake, a Gabrieli, omwe ankakhala okha tsidya linalo.

Anayambiranso. Anaiuza pulogalamu ya pa kompyutayo kuti chipilalacho n'cholimba, sichipindika, sichisuntha, ndipo zitsulo zizingokhala pamwamba pake osachiboola. Kenaka anayendetsapo lole yodzaza fodya. Zitsulo zinawerama pang'ono, n'kuima nji.

Nthawi yomweyo anaimba foni.

"Bambo, zatheka! Chaka chamawa ndizidzafika pa shapa, minibasi ija, mpaka pakhomo, ngakhale m'dzinja."



"Wagwira ntchito, mwanangu," anatero a Gabrieli. "Ndimati ndidzakuuze pamaso, koma mtima wakana kudikira. Munda ndawasiyira a Inácio, oyandikana nawo aja. Ndikubwerera ku Malawi, kumene tinaika amayi ako. Kuno ndatopa n'kuyankhula ndekha."

"Liti, bambo?"

"Ndili kale pa Mandimba, pamalire. Mtsinje uja ndawoloka m'mawa, katundu kumutu. Usade nkhawa, madzi anali olekeza m'mawondo."